Kalasi yolemba nkhani zopeka ya pa WhatsApp, ndalama yanga sinapite pachabe

Ndamaliza masabata 6 a kalasi ija ya amayi ena ake, aphunzitsi opuma ntchito, makolo awo anachokera ku Ntcheu koma iwowo anabadwira ku Highfield konkuno ku Harare, ku Zimbabwe. Mkati mwa sabata timaphunzira pa WhatsApp, Loweruka timakumana ku Harare Gardens pansi pa mitengo aliyense ndi kope lake. Amalipiritsa $5 pa sabata, pa EcoCash (kutumiza ndalama pa foni) kapena pamanja.

Ine ndinapita ndi nkhani ya mtchona, mkulu wa ku Dedza amene anabwera nthawi ya chitaganya, zaka za pakati pa 1953 ndi 1963 zija, anadzera ku Tete n'kudzapeza ntchito yophika kwa azungu ku Avondale mzinda uno ukadali Salisbury. Masamba 20, ndinaikamo zonse zomwe agogo ankatiuza, mapasi, mafamu a fodya, gule wamkulu wa ku Mbare, ndipo ndinkadzimva kuti ndalemba ndithu. Mayi aja atawerenga anangoti, "Achimwene, apa mwalemba mbiri ya dziko, nanga munthu wanuyu ali kuti?" Zinandiwawa, sindikunama, mu kombi yobwerera ndinangoti zii.

Koma sabata yotsatira ndi imene inandigula mtima. Anandikhazika pansi n'kumandifunsa za mkulu uja ngati ndi m'bale wawo, akufuna chani, usiku akagona chimamusowetsa tulo ndi chani, ndi bodza lanji limene amadziuza yekha. Apo ndi pomwe ndinatulukira sutikesi. Mkuluyu ali ndi sutikesi pansi pa bedi, mkatimo muli chitenje chomwe anagulira mayi ake kalekale chikadali chopinda, chaka chilichonse amati "chaka cha mawa ndikupita kumudzi", amafika mpaka pa Mbare Musika kukayang'ana mabasi kenako n'kubwerera, chifukwa akuopa kukafika kwawo chimanjamanja anthu n'kumufunsa kuti zaka zonsezi umatani. Mayi aja anati basi, nkhani yanu ndi imeneyi, iyambire tsiku lomwe kalata yamaliro a mayi ake yafika, osati tsiku lomwe anabadwa. Ndinadula masamba 8 misozi ili m'maso. Lamulo lawo ndi lakuti gawo lililonse munthu wako asankhe kanthu ndipo kusankhako kumuluze kenakake, apo ayi gawolo lichoke, ndipo za chitaganya zija zilowe pokhapokha zikumukhudza iyeyo pakhungu.

Zodandaula zilipo. Mavoisi noti awo ndi aatali, mphindi 10 imodzi, bandulo imatha usanamve mfundo, ndipo magetsi akathima kwawo mudikira masiku awiri kuti akuyankheni. Tinalipo 12, Loweruka ena ankabwerera osawerengeredwa. Komanso Chichewa chawo chasakanikirana ndi Chishona ngati cha ambiri a ife tinakulira kuno, ndiye pa zokambirana za anthu a m'nkhani sangakukonzereni kwenikweni, ine ndinkatumiza kwa azakhali ku Lilongwe kuti andiuze ngati mkulu wa ku Dedza angayankhuledi choncho. Mnyamata wina amene ankafuna nkhani ya mfuti ndi kuthamangitsana kwa magalimoto anasiya sabata yachitatu, kalasiyi si ya zimenezo.

Gulu lotsatira ndalembetsa kale, ndikupita ndi nkhani ya mkazi wa mkulu uja, Mshona wa ku Murehwa amene amapukuta fumbi pa sutikesi ija osaitsegula.