Matayala a tubeless anaika bwino, koma sealant anaumira

Ndinapereka njinga ku sitolo ina yokonza njinga kuti achotse machubu n'kuika tubeless, matayala opanda chubu amene mkati mwake amathiramo sealant, mankhwala amadzimadzi otseka mabowo, ndipo ndinawauza bambo a makaniko kuti ulendo ndi wa pa Palouse to Cascades Trail, njira imene kale inali njanji m'chigawo cha Washington ku America, kum'mawa kwa mtsinje wa Columbia. Mtengo uja amalipiritsa ndinalipira osanenerera.

Aliyense wokonza njinga kumeneko amadziwa kuti ukangowoloka mlatho wa Beverly, umene anautsegula mu 2022, njira ija malo ambiri sinakonzedwe. Ili pafupifupi mmene inasiyira kampani ya sitima ya Milwaukee Road mu 1980: miyala ya njanji yosongoka, mchenga, ndiponso cha ku Smyrna timinga tija amati goathead tili mbwee. Tayala la mainchesi 29 x 2.35 ngati langali limafuna sealant wokwana mamililita 100 kapena 120. Iwo anathira wongonyowetsa mkati basi. Nditatsegula tayala la kumbuyo ndinapeza wosadzaza n'komwe masupuni awiri. Sealant akachepa amangomatirira m'mbali mwa tayala n'kuuma, ndiye munga ukalowa palibe chothamangira pabowo kukatseka. Ndinazula minga isanu ndi iwiri, mabowo anayi anangopitiriza kutulutsa mpweya mpaka limu inayamba kugunda miyala. Malo ake opanda mthunzi, opanda madzi, opanda sitolo. Chubu chapadera sichithandiza msanga, chifukwa usanachiike uyenera kupapasa mkati monse ndi chala n'kutulutsa nsonga iliyonse yothyokera, apo ayi chiponcha pomwepo.

Nditabwerako kukadandaula, mnyamata wa pakauntala anandiyankha kuti mwina ndinapopa kwambiri, maso ali pafoni. Mpweya unali 24 psi kutsogolo, 27 kumbuyo, monga anandiuzira iwo eni.

Komabe chilungamo ndinene. Tepi ya mu limu anaikulunga mwaluso, mavalavu sakudontha, ndipo ndi bambo omwewo amene anandiletsa matayala a 40 mm amene ndinkafuna. Pamiyala yotayirira tayala lopyapyala limazama n'kumapotoza chiwongolero, lalikululi limayandama pamwamba. Nditathira ndekha mamililita 120 m'tayala lililonse, minga ina inalowa koma mabowo ankatsekeka tayala likuzungulira.

Mukapita kusitoloko, imani pomwepo pamene akuthira sealant muone muyezo ndi maso anu. Pa ulendowo mutengenso botolo lina laling'ono la sealant, kachitsulo kochotsera mtima wa valavu, timapulagi totsekera mabowo aakulu ndi pampu yamanja.