Foni yanga yopinda yatha miyezi khumi, ndipo ndaikonzetsa kawiri

Dzana alamu anga anaimba kuchokera ku Kasungu kufunsa ngati angawagulire amayi awo foni yopinda ngati yangayi. Anandipeza ndikungotuluka kumene kwa wokonza mafoni, K15,000 itachoka m'chikwama, ndiye ndinawayankha ndi mtima wapachala kuti asayerekeze n'komwe. Usiku nditagona mtima unandivuta, chifukwa sindinawauze zonse. Ndabwereka foni ya mwana wanga kuti ndilembe bwinobwino, alamu awerenge, komanso wina aliyense amene waiona m'shopu n'kuikhumbira.

Geni yanga ndi ya kachewere. Ndimakapikula ku Lizulu, nthawi zina mpaka ku Tsangano, n'kudzagulitsa kuno ku Lilongwe. Foni yanga yakale inali yotsetsereka ndi chala ija, ndipo inasweka galasi thumba la mbatata litaipsinja mu lole. Panthawiyo mitengo inali itakwera kale, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti kugula ina yotero kukanadya mpamba wanga. Mu Epulo 2024 ndinalowa m'shopu ina ku Old Town n'kupeza iyi pa K58,000. Chinandikoka ndi chivundikiro chake. Ndinati foni yotseka yokha ngati kabokosi singaswekenso ndi thumba.

Pamenepo sindinalakwitse. Yagwapo pa simenti, yagwapo pa miyala potsika minibasi, yakhalapo pansi pa dengu, koma sikirini yake ilibe ngakhale kamng'alu. Ili ndi malaini awiri, wa Airtel ndi wa TNM, ndipo onse amagwira bwino. Mabatani ndi akuluakulu, manambala ndimawaona popanda magalasi. Tochi ndi yowala. Wailesi imalira popanda zam'makutu, ndipo pa ulendo wa m'mamawa ndimamvera nkhani ndi mauthenga a maliro. Kamera yake musaiwerengere, chithunzi chimatuluka ngati chajambulidwa mu utsi. WhatsApp mulibe, choncho za kubanki mkhonde ndi za kumphakati ndimauzidwa ndi mwana wanga madzulo. Zimenezi ndinazidziwa pogula, sindidandaula nazo.

Batire ndiye ndimalilemekeza. Ndikatchaja Lamlungu usiku ndimafika Lachinayi, chonsecho ndimaimba kwambiri. Masiku amene magetsi ankazima tsiku lonse, anzanga pamsika ankayenda ndi mafoni akufa kufunafuna potchajitsa, ine yanga ikulira.

Chimene sindinkachiyembekezera ndi mtendere umene kutseka kuja kumabweretsa. Ife amayi a pamsika foni timaimanga pachitenje kapena kuiika m'thumba la epuloni limodzi ndi ndalama ndi makiyi. Foni ya mabatani imene ndinali nayo kalekale inkangodziimbira yokha, mayunitsi n'kuthera kwa munthu amene dzina lake lili koyambirira. Iyi ikatsekedwa yatsekedwa. Ikalira ndimangoitsekula ndi chala chachikulu n'kuyamba kulankhula, dzanja linalo likuyeza mbatata m'ndowa. Ndikamaliza ndimatseka, kuti phwa, ndipo ndimadziwa kuti yadukadi, winayo sakumvanso zimene ndikukambirana ndi kasitomala. Amene anagulitsapo malonda akudziwa kufunika kwa zimenezi. Manja athu amakhala ndi dothi, mwina onyowa, ndipo foni ya galasi imakana chala chonyowa. Iyi sikana.

Vuto lake ndi limodzi, ndipo lili pomwe ndinaikonderapo, popindikira.

Linayamba mu Juni, nthawi yozizira. Tsiku lina m'mawa ku Dedza nditaitsekula, sikirini inaphethira kawiri n'kubwerera. Ndinaganiza kuti ndi chisanu. Patapita masiku angapo inachitanso, kenako tsiku lililonse. Wogulitsa uja anali atandiuza pakamwa kuti waranti ndi ya miyezi itatu, ndiye ndinathamangirako isanathe. Tsoka lake, pamaso pake foni inagwira bwinobwino. Anaitsekula n'kuitseka kangapo, n'kunena kuti, “Mayi, foni iyi ilibe vuto, mwina batire linasuntha pang'ono. Ikadzavutanso mudzabwere.” Ndinamufunsa ngati angalembe penapake kuti ndinabwera. Anati palibe chifukwa, nkhope yanga waidziwa. Ndinamukhulupirira.

Pofika Ogasiti ndinali nditaphunzira kuitsekula theka. Ndikaitambasula yonse sikirini inkayera mbuu, ndikaibweza pang'ono zilembo zinkabwerera. Ndinazolowera kuwerenga mauthenga nditapendeketsa mutu. Kenako mawu a kukhutu nawo anayamba kudukaduka, mpaka ndinayamba kulankhula pa sipika yaikulu. Tangoganizani kunenerera mtengo wa matumba ndi mlimi, msika wonse ukumva, ngakhale amene tikupikisana nawo malonda.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi la mu Seputembala ku Lizulu. Ndinali nditagwirizana ndi bambo wina wachikulire matumba a K240,000. Ndinasiya kuyenda ndi ndalama zambiri m'manja, ndimalipira pafoni. Matumba anali atasokedwa, anyamata atakweza kale ena mu lole, dalaivala akuliza hutala. Ndinatsekula foni kuti ndiimbe *211#, sikirini mbuu. Ndinaibweza theka, mbuu. Ndinachotsa batire, kupukuta, kubwezera, koma ayi. Foni inali yamoyo, mabatani ankalira ndikadina, koma maso inalibe. Njira yotumizira ndalama ndimaidziwa pamtima, koma ndani angatumize K240,000 osaona nambala imene walemba? Kulakwitsa kamodzi, mpamba wonse wapita kwa munthu wosamudziwa.

Bambo aja anali oleza mtima. Anati, “Mayi, musanjenjemere, mbatata sithawa.” Anaitana mdzukulu wawo amene anali ndi foni ya mabatani, tinachotsa laini yanga n'kuika mmenemo. Ndinatembenukira kukhoma polemba nambala yachinsinsi, mtima ukugunda, chifukwa foni ndi ya mwini ndipo anthu anali atatiunjirira. Ndalama zinapita bwino. Koma lole ija inali itatsitsa matumba anga n'kunyamuka, ndipo ina ndinaipeza madzulo. Ndinafika ku Lilongwe usiku, ndinalipiranso mlonda woti agone pa katunduyo. Kutacha chinthu choyamba chinali kusintha nambala yachinsinsi ija.

Tsiku lomwelo ndinapita kushopu. Wogulitsa anandilandira bwino mpaka pamene ndinatulutsa foni. Atayang'ana lisiti anati miyezi itatu inadutsa kalekale. Ndinamukumbutsa kuti ndinabwera mu Juni ndi vuto lomweli, ndipo iye mwini anati ndidzabwerenso. Anati sakukumbuka, anthu amabwera ambiri. Kenako anandilozera mawu achingerezi kumunsi kwa lisiti, onena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Ndinati, “Achimwene, sindikufuna ndalama zanga. Ndikufuna muikonze, kapena tigawane mtengo wokonzetsera.” Anayankha kuti mwina ndinaigwetsera m'madzi. Mawu amenewo ndi amene anandipweteka kuposa ndalama, chifukwa anadziwa kuti si zoona. Anamaliza n'kundiuza kuti ali ndi ina yatsopano angandichotsereko K3,000. Ndinatuluka osatsanzika.

Amene anandifotokozera zoona ndi mnyamata wina wokonza mafoni, wa kabenchi ndi ambulera pafupi ndi depoti. Anaimasula ine ndikuona. Mkati mwa popindikira muja mumadutsa kalamba kopyapyala ngati pepala, iwo amati fuleksi. Ndi kamene kamalumikiza mbali ya mabatani, komwe kuli batire ndi ubongo wa foni, ndi mbali ya sikirini ndi sipika ya kukhutu. Mukatsekula kamapindika, mukatseka kamapindikanso. Tinjira ta kopa timene tili mmenemo tikatopa timathetheka, n'chifukwa chake poyamba inkagwira ndikatsekula theka, tinjirato tikakhudzana. Anandionetsanso fumbi lofiira limene linali litadzaza popindikirapo, n'kunena kuti limakhula kalambako ngati mchenga. Anandifunsa kuti ndimaitsekula kangati patsiku. Nditawerengera ndinapeza kuti pa tsiku la msika zimapitirira 50: kuyankha, kuimba, kuona uthenga wa ndalama, kuona nthawi. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, “Amayi, foni iyi anapangira munthu wokhala pakhonde, osati wa geni.”

Kalamba katsopano analibe, anati zipangizo za mafoni opinda sizibwera kawirikawiri chifukwa eni mafoniwo ndi ochepa. Anachotsa pa foni ina yakufa ya mtundu womwewo, n'kundilipiritsa K12,000. Anandiuziratu kuti kameneka nako kagwirapo kale ntchito, sangalonjeze kuti katha chaka. Ndimamuyamikira chifukwa chosandinamiza.

Miyezi yotsatirayo ndinaikondanso foni yanga. Ndinayamba kuisamala ngati dzira: kuitsekula ndi manja awiri, kusiya kuimenyetsa potseka, kuisunga m'kathumba ka nsalu kuti fumbi lisalowe. Nthawi ndinayamba kuonera pa kasikirini kakang'ono ka kunja m'malo motsekula. Mvula itayamba ndinanyowa nayo kawiri pa lole yosafunda, koma sinavute. Pa Khirisimasi ndinkauza aliyense kuti ndi foni yabwino, inangodwala kamodzi. Ndikanafunsidwa nthawi imeneyo, alamu akanamva yankho lina.

Sabata yatha kuphethira kuja kunabwerera. Ulendo uno sindinadikire za ku Lizulu zina, ndinapita msanga kwa mnyamata uja. Anapeza kalamba katsopano kwa mnzake wa ku Blantyre, ndiyo K15,000 ya dzana ija.

Tsopano tiwerengere. K58,000 yogulira, K12,000, K15,000, zonse pamodzi K85,000 m'miyezi khumi, osaphatikizapo za mlonda ndi tsiku limene ndinataya. Mnzanga woyandikana naye benchi anagula ya mabatani wamba, yosapinda, pa mtengo wosafika ngakhale theka la wanga, mwezi womwewo. Mpaka lero sinaonepo wokonza. Inde, imadziimbira yokha m'thumba akaiwala kuikiya, ndipo sikirini yake yakalikakalika ndi makiyi. Koma ndalama zake zili m'thumba. Ndikaganiza zimenezi mtima umawawa. Ndikaigwiranso yangayi, n'kumva kuti phwa ija, n'kuona batire likadali lodzaza tsiku lachitatu, ndimalephera kuitaya.

Mwana wanga akuti nkhani ya wogulitsayo ndikaitule ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe limene limalandira madandaulo a ogula. Lisiti ndikadali nalo. Chimene ndilibe ndi umboni woti ndinapitako mu Juni waranti isanathe, ndipo waranti yakeyo inali ya pakamwa, palibe pamene inalembedwa. Ndikanaumirira tsiku lija kuti alembe deti ndi vuto kuseri kwa lisiti n'kusaina, bwenzi lero ndikulankhula zina. Ndidzapitabe kukafunsa ntchito ikadzachepa, chifukwa K27,000 kwa ine ndi phindu la masiku angapo.

Ndiye alamu, yankho langa lenileni ndi ili. Amayi amakhala pakhomo, foni imalira mwina kanayi patsiku, ana akawakumbuka. Maso awo afooka, ndipo kudina batani lobiriwira kumawasokoneza. Kwa iwo foni yopinda ndi yoyenera: manambala akulu, kutsekula n'kuyankha, kutseka n'kudula, batire la masiku angapo kumene magetsi kulibe. Popindikira pake sipadzatopa msanga ngati panga. Agulireni. Koma musagule kumene ndinagula ine, ndidzakuuzani shopu yake pafoni. Kulikonse kumene mungapite, waranti ailembe palisiti ndi cholembera, miyezi yake ndi deti, adindepo chidindo. Muitsekule ndi kuitseka kambirimbiri muli momwemo, mukuyang'ana sikirini. Ndipo mufunse wokonza wa kwanuko ngati fuleksi ya mtundu umenewo imapezeka ku Kasungu, musanatulutse ndalama.

Ine yangayi ndiyenda nayo mpaka kalamba aka kadzathe. Kachitatu sindidzaikonzetsa. Ndayamba kale kuika K1,000 pambali tsiku lililonse la msika, ndipo ndikadzagula ina, iyi ndidzamusiyira mnyamata wa kudepoti uja achotsemo zipangizo.