Chaka chikukwana chikwezetsereni mabere: mmene zilili pano

Amayi anzanga amene mwakhala mukundifunsa monong'ona kumsika ndi pa foni za mmene mabere anga alili, ndati ndiyankhe kamodzi n'kamodzi, poti chaka chatsala pang'ono kukwana chichitireni opaleshoni yokweza mabere, imene madokotala amaitcha mastopexy. Ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi ku Ulongwe koma ndimakhala ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, komwe ndimagulitsa mbatata ya kachewere ndi nyemba zochokera ku Angónia ndi ku Tsangano. Ntchitoyo ndaitchula dala, chifukwa kunyamula katundu kwalowa kwambiri m'nkhaniyi.

Dokotala saika kanthu m'bere. Amadula khungu limene linatambasuka, n'kusonkhanitsa mnofu, n'kukweza nsonga pamodzi ndi gawo lakuda lozungulira lija, kenaka n'kusoka. Asanagwire mpeni amayang'ana pomwe nsonga ili poyerekeza ndi mpindiro wa pansi pa bere. Ngati yatsika pang'ono, amatha kudula mozungulira gawo lakuda lokha. Zanga zinali zitadutsa mpindirowo n'kuloza pansi, ndiye anadula mozungulira, n'kutsika ndi mzere umodzi, n'kutsatanso mpindiro wonse. Zipsera zake n'zazitali, ndipo ndinauzidwiratu zimenezo ndisanasaine pepala.

Ndinakachitira ku Johannesburg. Ndisanalipire kalikonse ndinafufuza ngati dzina la dokotalayo lili m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala ku South Africa, komanso ngati analembedwa monga katswiri wa plastic surgery, opaleshoni yokonza maonekedwe a thupi, osati dokotala wamba wongodziwa kudzitsatsa pa Instagram. Ndalama zimapita m'matumba ambiri: wochita opaleshoni, wogonetsa, chipatala, malo ogona, ulendo. Ukamasintha meticais kukhala ma rand mtima umachita kugunda. Anandiyeza magazi, shuga ndi BP, n'kundijambula mabere kuti aone ngati mulibe chotupa. Anandifunsa mobwerezabwereza ngati ndimasuta, poti fodya amachepetsa magazi ofika pabala ndipo nsonga ikhoza kufa. Opaleshoni yeniyeniyo inatenga maola ngati 3, ine ndili mtulo.

Maola atatuwo ndiwo anali opepuka m'nkhani yonseyi. Ntchito inayamba nditabwerera kuno.

Pobwera ndinakwera ndege mpaka ku Chingozi, bwalo la ndege la ku Tete. Basi yodzera ku Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda ndi yotchipa, koma kukhala nthawi yaitali chotero utangochitidwa opaleshoni kumatha kuundanitsa magazi m'miyendo, kuphatikizapo kugwedezeka kwa msewu wonse uja uli ndi mabala pachifuwa. Ngakhale kaulendo ka chapa, minibasi ya kuno, kochokera ku Matundo kupita ku Moatize ndinkayenda nditagwira chifuwa ndi manja onse awiri, anthu n'kumaganiza kuti ndikudwala mtima.

Mdani wamkulu anali kutentha. Aliyense wodziwa Tete akudziwa kuti October ndi November kuno kumapitirira madigiri 40. Bra yolimba ija, yopanda waya, umayenera kuivala usana ndi usiku kwa milungu pafupifupi 6, ndipo chilonda cha pansi chili pomwe thukuta limadikha. Ndinaona kuti sindikwanitsa, ndinakwera kupita kwa achemwali ku Ulongwe, kumtunda kozizira. Mukandifunsa nthawi yabwino, sankhani June kapena July, kapena khalani ndi kwinakwake kozizira kokachirira.

Ngakhale kumeneko, pomwe mzere wotsika umakumana ndi mzere wa mpindiro, bere lakumanzere linatseguka kabala kokwana chikhadabo cha chala chachikulu. Pamenepo khungu limakokeka kwambiri, ndipo kutseguka kwa malo amenewa si kwachilendo. Koma ukakhala wekha m'chipinda, dokotala wako ali dziko lina, kabala kotero kamaoneka ngati imfa. Ndinkajambula m'mawa uliwonse n'kutumiza pa WhatsApp, iye n'kuyankha madzulo. Namwino wina wa kwathuko ndiye ankatsuka ndi madzi amchere a kuchipatala n'kuphimba ndi bandeji yatsopano. Kanatseka kokha pang'onopang'ono, osasokanso. Tsiku lina thupi linatentha, namwinoyo anayeza malungo n'kuyang'ananso bala ngati lafiira kapena lili ndi mafinya. Anali malungo. Kuno kutentha thupi kuli ndi eni ake awiri, ndiye musamangoganizira mmodzi.

Achemwali anandilandira bwino, koma mawu sanasunge. "Iwe, mabere ogwa ndi ulemu wa mayi. Wayamwitsa ana atatu, ufuna uonekenso namwali kuti utani?" Ndinawayankha kuti, "Achemwali, nsungu za pansi pa mabere zija munkazionanso ngati ulemu?" Anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo ndi iwo omwe ankanditungira madzi ndi kundisambitsa kumsana. Tikanena zoona, kuyamwitsa timakunamizira. Chimene chimagwetsa mabere kwambiri ndi mimba zenizenizo, pamene bere limakula n'kuphwanso, kuphatikizapo msinkhu, kunenepa n'kuwondanso, fodya ndi mtundu wa khungu limene unabadwa nalo. Mtsikana asamane mwana bere poopa kugwa.

Za kunyamula, lamulo linali lakuti kwa mwezi ndi theka ndisanyamule cholemera, ndisakweze manja kwambiri, ndizigona chagada. Kwa mayi wa mu ofesi zimenezi n'zotheka. Kwa ife zikutanthauza kuti palibe kusenza ndowa, kusinja, kulima, kubereka mwana kumbuyo ndi kapulana yomanga pachifuwa, kapena kukoka thumba la mbatata. Ndinalemba mnyamata woti azitsitsa matumba, ndipo ndalama yake sinali m'chiwerengero changa choyamba. Bambo a ana anaphunzira kuphika nsima yopanda mibulu m'miyezi imeneyo, umenewo ndi phindu lapadera.

Tsono maonekedwe. Milungu yoyamba mabere anali m'mwamba kwambiri, olimba ndi otupa, osaoneka ngati anga. Pofika mwezi wachitatu kutupa kunachepa, anatsika pang'ono n'kufewa. Mmene alili pano ndi mmene akhalire: nsonga zikuloza kutsogolo, zili pamwamba pa mpindiro, koma kumtunda kwa bere n'kosadzadza monga ndinkaonera pa zithunzi za anthu ena. Kudzadza kwa kumtundako kumafuna ma implant, timatumba toika m'kati mwa bere, ndipo ine sindinawafune. Saizi ya bra inatsika pang'ono ngakhale sanachotse mnofu, chifukwa kale ndinkagula yaikulu yoti musonkhane khungu lonse lija. Lakumanja ndi lalikulupo pang'ono kuposa linzake, monga linalili kale.

Nsonga yakumanja inayamba kumva msanga. Yakumanzere inachita dzanzi miyezi ingapo, kenaka kunabwera kulasalasa ngati kwa singano, ndipo pano ikumva koma osafika pakale. Mwina ibwerera, mwina ikhala choncho. Ndinauzidwa kuti kwa ena sikubwerera n'komwe.

Zipsera ndi zimene ndimafunsidwa kwambiri, ndipo mpake. Khungu lathu lakuda limachita zipsera zofufuma, ma keloid, kawirikawiri kuposa la azungu. Dokotala anayang'ana makutu anga pomwe ndinabooledwa, chipsera cha katemera paphewa ndi mphini zimene agogo ananditema ndili mwana, kuti aone mmene thupi langa limapolera. Inunso dziyang'aneni musanawononge ndalama. Ngati khutu linatupa chotupa cholimba mutabooledwa, muuzeni dokotala poyambirira. Kwa ine chipsera chozungulira gawo lakuda sichioneka kwenikweni. Mzere wotsika ndi wakuda kuposa khungu, koma wasalala. Cha mumpindiro ndicho chafufuma pang'ono kumapeto kwake cha kukhwapa, ndipo chimayabwa kukatentha. Ndimamata timapepala ta silikoni, ngakhale thukuta la kuno limatimatula, moti masana ndimapaka ya gel. Mafuta oyeretsa khungu musayerekeze kupaka pachipsera. Zipsera zimapitiriza kusintha mpaka chaka ndi theka, ndiye sindinaziweruze kotheratu, koma kutha sizidzatha. Ndinasinthanitsa kugwa kwa mabere ndi mizere imeneyi, ndipo ndinkadziwa.

Chimene ndapindula kwenikweni sichioneka pagalasi. Kale khungu linkagona pa khungu linzake, thukuta n'kumadikha, nsungu ndi fungo chilimwe chonse, ndikuthira ufa wa ana ngati khanda. Kutentha kwa chaka chino kwandipeza wouma. Bulauzi imakhala bwino, ndipo madzulo ndimatha kukhala pakhonde wopanda bra osadzimangira nsalu mpaka kukhosi.

Ndingachitenso? Inde, koma chifukwa ndinamaliza kubereka. Mimba ina ikhoza kutambasulanso khungu n'kubweza zonse, ndipo ngakhale ambiri amayamwitsa pambuyo pake, kwa ena mkaka umachepa. Amene thupi lake likukwera n'kutsika adikire likhazikike. Ndipo amene alibe munthu womunyamulira katundu kwa mwezi ndi theka, kapena namwino wapafupi wovomera kuyang'anira bala la dokotala wina, akonze zimenezo asanagule tikiti. Dokotala wanga akufuna zithunzi zina chaka chikakwana, ndipo wanena kuti chipsera cha kukhwapacho chikapitiriza kufufuma tidzakambirana za jakisoni wa steroid wochiphwetsa.