Sossusvlei, Kgalagadi kapena Witsand: mapiri a mchenga tikaonere kuti?

Abale a kuno ku Joni mwakhala mukundifunsa kuti tchuthi chikakwana, mapiri a mchenga a m'chipululu mukaonere kuti. Ndiyankhe kamodzi pano, pa WhatsApp ndatopa nako kubwereza.

Kgalagadi, paki ya nyama ya m'malire a South Africa ndi Botswana, tithane nayo msanga. Milu yake yofiira ndi yokongola ndithu, koma kuli mikango, ndiye zonse mumaonera m'galimoto ndipo kutsika ndi pamalo ololedwa okha. Wofuna kuponda mchenga, kumeneko si kwake. Ubwino wake ndi wakuti SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a dziko la South Africa, imalipiritsa nzika za SADC ndalama yocheperako poyerekeza ndi alendo ochokera kutali, bola muonetse pasipoti pofika pa geti la Twee Rivieren.

Sossusvlei, ya m'paki ya Namib-Naukluft ku Namibia, ilibe mnzake pa kukongola, apa sindingatsutse. Big Daddy ndi chimulu chopitirira mamita 300, m'munsi mwake muli Deadvlei, chigwa choyera chokhala ndi mitengo yomwe inauma zaka mazanamazana zapitazo koma ili chiimire. Ma rand athu omwewa amagwira ntchito. Mukagona m'kati mwa geti lolowera m'pakiyi ku Sesriem, amakutsegulirani kutatsala ola limodzi kuti dzuwa lituluke. Ogona kunja amadikira lituluke kaye, nkumayamba kukwera mchenga utayamba kale kutentha.

Chimene chinandiwawa ndi galimoto ya hayala. Kuchokera ku Windhoek kudzera ku Solitaire, mbali yaikulu ya msewu ndi ya miyala. Pa kauntala anandiuza kuti inshuwalansi yomwe ndalipira ndi yokwanira. Tayala litang'ambika ndi mwala, galasi lakutsogolo nalonso litalandira kamwala kochokera ku galimoto yomwe tinapatukana nayo, ndi pamene anatulutsa pepala la timalemba ting'onoting'ono: matayala, magalasi ndi kunsi kwa galimoto mulibemo. Dipoziti anaidula pomwepo, mtsikana wa pa kauntalayo akumwetulira. Zinthu zomwe zimawonongeka kawirikawiri pamsewu umenewo ndi zomwezo anazichotsamo, ndiye inshuwalansiyo inali yoteteza chiyani?

Musasaine musanafunse za zitatuzo, ndipo yankho likhale lolembedwa. Funsaninso za liwiro, chifukwa makampani ambiri amaika kachipangizo kolondola galimoto, ndipo mukachita ngozi mutapyola liwiro lomwe anakuikirani pamsewu wa miyala, bilu yonse ndi yanu. Ndalama sizithera pamenepo. Phula lochokera ku Sesriem limatha patatsala makilomita pafupifupi 5 kuti mufike ku Sossusvlei, kutsogoloko ndi mchenga wokhawokha. Opanda 4x4 amalipiranso galimoto yonyamula alendo. Amene ali nayo koma sadziwa kuphwetsako matayala amatitimira, ndipo wodzawakoka sabwera mwaulere.

N'chifukwa chake mtima wanga uli ku Witsand, ku Northern Cape. Ulendo wake ndi wa tsiku limodzi pa msewu wa N14 kudzera ku Kuruman, simudutsa malire a dziko, ndipo mutha kupita pa galimoto yanu yomwe mumaidziwa matenda ake. Kumapeto kulinso msewu wa miyala, choncho tayala la sipeya likhale lamoyo. Milu yake ndi yaifupi, yoyera pakati pa mchenga wofiira wa Kalahari, ndipo mumaikwera ndi miyendo popanda kuopa mkango. Kukauma ndi kutentha, mchenga wa ku Brulsand, mbali ina ya Witsand, umalira mukamatsetsereka nawo, ana amasangalala zedi.

Konseku dzuwa ndi limodzi. December kutentha kumatha kupyola madigiri 40, ndipo amene munapondapo mchenga wa ku Senga Bay masana a October, uwu umaposa pamenepo. Valani nsapato zotseka, masilipasi asiyeni m'galimoto. Madzi aliyense anyamule ake, kwerani m'mamawa, pofika 10 koloko mukhale mutatsika. Ku Sossusvlei, ngati mwatsimikiza mtima, pitani pakati pa May ndi August, koma jekete musaiwale chifukwa usiku kumazizira koopsa.