Double Dragon wa ku Felinfoel, nyenyezi 4 pa 5

Ndakhala ndikumwa mowawu pafupifupi chaka tsopano ndiye ndati ndilembeko, makamaka kwa anzanga amene mwangofika kumene ku Wales kuno ndipo mukafika pa bala mumangoloza Carlsberg poti ndi amene mukumudziwa. Inenso ndinali choncho.

Tsiku loyamba anandigulira ndi mdala wina amene timagwira naye shifiti ya usiku, mbadwa ya ku Llanelli konkuno. Mayi wa pa kauntala anakoka chimtengo cha pampu chija kangapo, mowa kumatuluka pang'onopang'ono wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, kathovu kochepa pamwamba. Nditalawa ndinaganiza kuti filiji yawo yafa. Siwozizira ngati Green wa kwathu uja woti botolo likuchita thukuta ayi, ndipo gasi ndi wochepa kwambiri moti ndinatsala pang'ono kuubweza koma mdala uja anandigwira dzanja akuseka amvekere umenewu ndi mmene umakhalira. Mowa wa mtunduwu amati cask ale, umapitiriza kupsa uli mu mgolo momwemo ndipo amausunga mchipinda cha pansi pa madigiri 12 kapena kuyandikira pamenepo, mukauzizitsa kwambiri kukoma konse kumabisala.

Pinti yachiwiri ndi imene inandikopa. Umamveka chimera kwambiri, kakutsekemera kapatali ngati shuga wopsereza pa poto, kenako kakuwawa pang'ono kumapeto kosakhalitsa pa lilime. Mphamvu yake ndi 4.2% basi ndiye mutha kucheza nawo masana onse mukuonera rugby osayamba kulankhula Chingerezi chambiri, komanso sutupitsa mimba, zogeya geya zija palibe. Ndi cawl, msuzi wawo uja wa nyama ya nkhosa ndi mbatatesi, umatsika bwino zedi. Kunyumba ndinayesa ndi nsima ya nkhuku yokazinga, zinayenda, koma ndi tsabola wa kambuzi ayi, tsabola amaupha mowawu mpaka kumangomva ngati madzi.

Dzinalo musatchule mmene likulembedwera, mu chiWelsh F mmodzi amamveka ngati V ndiye amati Velinvoil. Ine ndinakhala miyezi ndikunena Felinifoyelo anthu akungondiyang'ana mwaulemu. Felinfoel ndi kamudzi kogundana ndi Llanelli, fakitale yake ndi nyumba yakale ya miyala pamphepete pa msewu, akhala akufulula kuyambira 1878 ndipo anaiyambitsa ndi David John amene analinso ndi bizinesi ya malata. Tauni ya Llanelli inatchuka ndi malata opangira zitini mpaka ankaitcha Tinopolis, ndiye sizodabwitsa kuti mu 1935 kampani yaing'ono ngati imeneyi inali mgulu la oyambirira ku Britain kuika mowa mchitini. Mdala wanga uja nkhani imeneyi amaibwereza pinti iliyonse, pamodzi ndi ya 1972 pamene timu ya rugby ya Llanelli inakwapula All Blacks a ku New Zealand 9-3 mowa mpaka kutha m'mabala, ndamva kokwana kakhumi koma ndimangovomera kuti eya bambo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa mowa wa mu mgolowu umadalira amene akuusunga, ukatsegulidwa sukhala masiku ambiri. Pa bala ina imene sinditchula anandipatsa wowawasa ngati thobwa logona masiku anayi, mwina mgolo unakhalitsa poti makasitomala ake ambiri ndi anyamata a lager, mowa wozizira ngati Carlsberg uja. Anandisinthira osakangana koma madzulo anali ataonongeka kale. Ndiye pitani kumene madala amadzaza, kumeneko mgolo suchedwa kutha. Wa mchitini ndi wa m'botolo ndi wabwinobwino, ndimagula ndikakhala ndi alendo, kungoti uli ndi gasi wochulukirapo ndipo kufewa kuja kwa pa pampu simukupeza. Chinanso mukangotuluka kuchigawo chino kupita ku England kuupeza ndi ntchito, msuweni wanga wa ku Leicester ndimachita kumunyamulira mchikwama.

Amene mumafuna mowa wozizira mpaka mano kuwawa uyu si wanu, musataye ndalama. Enanu yambani ndi hafu pinti, pemphani kulawa kaye sakana, ndipo pogunditsa matambula muziti iechyd da, ch yo imatulukira kukhosi ngati mukuchotsa munga wa usipa.