GParted: Pulogalamu Yaulere Yokulitsira C Ikadzaza

Vutoli amalidziwa aliyense wokonza makompyuta. Hard disk ya 500 GB, imene Windows imaiwerenga ngati 465 GB, inagawidwa pawiri tsiku loika Windows: C inapatsidwa 100 GB, zotsalazo zinapita ku D. Lero mzere wa C wafiira, ma update akukana kulowa, pomwe D ili pululu. Mwini wake akufuna zigawo ziwirizi zikhale chimodzi.

Windows ili ndi chida chakechake, Disk Management, chimene chimatseguka mukalemba diskmgmt.msc. Chimagwira ntchitoyi pokhapokha malo opanda kanthu akhale ogundizana ndi C, kumanja kwake. Kusuntha chigawo sichitha. Pa makompyuta ambiri a Windows 10 ndi 11, pakati pa C ndi D pamakhala kachigawo ka Recovery (kosunga zida zokonzera Windows ikaonongeka) kosakwana 1 GB, ndipo kamenekaka ndi komwe kamachititsa kuti mawu akuti Extend Volume (okulitsira chigawo) akane kudinika ngakhale D mwaifufuta kale. Apa m'pamene pamafunika GParted, pulogalamu yofufuta, kusuntha ndi kukulitsa zigawo za disk.

GParted ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo simakuuzani kuti mulipire ntchito ili pakati. Mtundu wake wa GParted Live ndi fayilo ya ISO (kope ya disk yonse mu fayilo imodzi) yomwe mumaiika pa flash pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Rufus kapena Ventoy, kenako n'kuyatsira kompyuta pa flash imeneyo (poyatsa dinani F9 pa HP, F12 pa Dell ndi Lenovo zambiri). Ubwino wake ndi wakuti Windows imakhala ili chigonere, choncho palibe fayilo imene yagwidwa ndi pulogalamu ina. Ikamayaka imafunsa za kiyibodi, chilankhulo ndi maonekedwe. Kudina Enter pa mafunso onsewo kumakwanira.

Batani la Merge, lophatikiza zigawo ziwiri, mu GParted mulibemo, ndipo ena amaitaya pa chifukwa chimenechi n'kupita ku MiniTool Partition Wizard kapena AOMEI Partition Assistant. Koma kusowa kwa bataniko si chilema. Zigawo ziwiri sizisakanizidwa ngati ufa. Chimachitika n'chakuti chimodzi chimafa, chinacho n'kufutukukira m'malo mwake. GParted imakuonetsani zimenezi poyera, ndipo munthu amene wafufuta D ndi dzanja lake saiwala kuyamba wakopera mafayilo ake kwina.

Musanayatse flash, kukonzekera kumachitikira mu Windows. Koperani zonse za mu D pa hard disk yakunja, ndipo tsegulani mafayilo angapo kumeneko kuti mutsimikize kuti afikadi. Mapulogalamu amene munaika mu D achotseni, mudzawaikenso. Kukopera foda yawo sikuwabwezeretsa. Tsegulani Command Prompt ngati Administrator, mulembe powercfg /h off. Lamuloli limazimitsa hibernation pamodzi ndi Fast Startup (njira zogonekera Windows osaizimitsa kotheratu), zomwe zimasiya C ngati yosatsekedwa bwino, ndipo GParted ikaipeza choncho imaika chizindikiro chochenjeza n'kukana kuikhudza. Lembaninso chkdsk C: /f kuti disk iunikidwe poyakanso, kenako reagentc /disable kuti Windows isunge kaye fayilo ya Recovery mu C.

Mukalowa mu GParted simupeza C kapena D. Mupeza mayina ngati /dev/sda3 kapena /dev/nvme0n1p3, ndipo flash yanu nayonso ili pamndandanda wa ma disk pakona yakumanja. Zigawo muzizindikire ndi kukula kwake ndi dzina lake. N'chifukwa chake ndi nzeru kupatsiratu D dzina, mwachitsanzo FUFUTA, mukadali mu Windows. Kachigawo ka fat32 ka 100 MB kapena 260 MB ndi ka EFI, koyatsira Windows, ndipo ka 16 MB ndi ka Microsoft. Tiwiriti musatikhudze. Mukafufuta ka EFI, Windows siyakanso.

Ntchito yeniyeni ndi itatu. Dinani kumanja pa D, sankhani Delete. Pa Recovery sankhani Resize/Move, muikokere kumapeto kwenikweni mpaka Free space following ikhale 0. Pa C sankhaninso Resize/Move, mukoke m'mphepete mwa kumanja mpaka pothera, Align to ikhale pa MiB. Kufikira apa palibe chimene chalembedwa pa disk. Zonse zimandandalikidwa pansi, mukhoza kuziwerenganso ndi kubweza ndi Undo, mpaka mutadina chizindikiro chobiriwira cha Apply All Operations. Ichi n'chimene chimaiposetsa Disk Management, imene imachita chinthu nthawi yomweyo mukangovomera.

Choopsa chachikulu chili pa kusuntha, osati pa kufufuta kapena kukulitsa. Kukulitsa C kumanja kumangotenga mphindi zochepa chifukwa mafayilo sayenda. Kusuntha Recovery nakonso n'kwachangu poti ndi kakang'ono. Koma mukafuna kusunga D n'kungoichepetsa kuchokera kumanzere kwake, GParted iyenera kunyamula zonse zili m'menemo, kuwerenga ndi kulemba pa disk imodzimodziyo. Pa hard disk yozungulira, 200 GB ikhoza kudya maola angapo. Magetsi akazima pakati pa ntchito imeneyi, chigawocho chimatsala theka kuno theka uko, ndipo pulogalamuyi ilibe njira yoyambira pamene inalekera. Kumene magetsi amazimazima, desktop yopanda UPS (batire losunga magetsi) musaiyese n'komwe. Laputopu ikhale ndi batire lamoyo komanso yolumikizidwa ku chaja. Kufufuta D n'kudzabwezeretsa mafayilo kuchokera kunja ndiyo njira yaifupi ndiponso yotetezeka.

Mukabwerera ku Windows, iyamba ndi kuunika disk. Musaidule, ndi GParted yomwe imapempha zimenezo ikasintha kukula kwa chigawo cha NTFS ngati C. Ikatha lembani reagentc /enable, ndipo reagentc /info ikuuzeni kuti Enabled.

Zofooka GParted ilinazo. Chigawo chokhomedwa ndi BitLocker, loko wa Windows wotetezera mafayilo, singathe kuchikulitsa, ndipo laputopu zambiri zatsopano za Windows 11 zimabwera zitakhomedwa kale mwini wake osadziwa. Muyenera kuchotseratu BitLocker, kudikira imalize, komanso kusunga kiyi yake ya manambala 48 papepala. Pa ma disk akale a MBR, amene amalola zigawo zikuluzikulu zinayi zokha, D imakhala kawirikawiri mkati mwa chigawo cha extended, chimene chimasunga zigawo zina m'kati mwake. Kuifufuta sikokwanira, muyenera kufufutanso kapena kuchepetsa extended yomweyo kuti C ipeze malo. Mauthenga ake ikalephera ndi olembera anthu odziwa Linux, ndipo woyamba kumene akhoza kusokonezeka nawo.

Mukafufuta chigawo cholakwika, siyani pomwepo osalembapo kanthu. Pa flash yomweyo pali pulogalamu ya TestDisk, imene nthawi zambiri imachipeza n'kuchibwezeretsa ngati malowo sanakhudzidwe.

Ngati D ili yogundizana ndi C, Disk Management ikukwanirani, musavutike ndi flash. Ngati pali Recovery pakati, kapena kompyutayo ili ndi Windows ndi Linux pamodzi, GParted ndiyo yoyenera, ndipo wokonza makompyuta aliyense aziyenda ndi flash yake m'thumba.