Kuyezetsa asainimenti pa Turnitin m'masiteshonale a pa Kasungu boma

Masiteshonale ena a pa Kasungu boma, kuwonjezera pa kutaipa ndi kupulinta, amalipiritsa ophunzira a kuyunivesite kuti awayezere asainimenti pa Turnitin, pulogalamu ya pa intaneti yoona ngati zolemba zafanana ndi za ena, asanaipereke. Ntchitoyi ndi yothandiza, koma pokhapokha wokuyezerani akudziwa chochita.

Mumapereka failo ya Word kapena PDF pa fulashi kapena pa WhatsApp. Mapepala ojambulidwa pa sikana sagwira, chifukwa makinawa amafuna mawu otaipidwa. Lipoti limabwera ndi peresenti ya mawu omwe afanana ndi zolemba zina komanso mtundu: wobiriwira mpaka 24, wachikasu kuyambira 25 mpaka 49, wa olenji kuyambira 50 mpaka 74, wofiira kuyambira 75.

Pali msampha waukulu umodzi. Musanalipire, funsani ngati akaunti yawo imasunga zomwe zayezedwa. Ikasunga, tsiku lomwe aphunzitsi anu adzayeze ntchito yomweyo idzafanana yokhayokha pafupifupi 100 peresenti, ndipo mudzavutika kufotokoza kuti simunabere. Auzeni asankhe "no repository", kuti ntchito yanu isasungidwe. Akamachita chibwibwi poyankha, tengani fulashi yanu muzipita.

Apempheninso kuti poyezapo asawerengere mndandanda wa mabuku ndi mawu ogwidwa, apo ayi peresenti imakwera pachabe. Ndipo musalandire nambala yokha. Lipoti lonse ndilo limaonetsa ndime yomwe yafanana ndi kumene yachokera.

Zoti "tikutsitsirani peresenti" zikaneni. Amangosinthanitsa mawu pa kompyuta, Chingerezi n'kusokonekera, ganizo n'kukhalabe la mwini wake wosatchulidwa. Kumeneko n'kubera ndithu, ngakhale lipoti litabiriwira.